Gulani mpeni wachiwiri, koma usapite nanu ku bawa

Nyumba zambiri m'dziko muno zili ndi mpeni umodzi umene umagwira ntchito zonse. Mmawa wadula buledi, masana watumbula nkhuku, madzulo bambo autenga kukadulira chingwe cha mbuzi. Mawa lake mnyamata wa m'nyumbamo wamangira sikuluu ya chitseko, nsonga n'kuthyoka. Ikafika nyengo yothira feteleza, womwewo ndi umene ukung'amba thumba kumunda, ndipo pobwerera ukusendera mwana mango. Tsiku limene wasowa, nyumba yonse imaima. "Kodi mpeni uja watenga ndani?" Ndiwo zimachedwa, mpaka wina amatumidwa kukabwereka kwa aneba.

Ganizo langa lero ndi lakuti aliyense amene amadya thukuta la manja ake, kaya ndi mlimi, wakabaza, wogulitsa kaunjika, mmisiri wa zomangamanga, wachiwaya kapena mayi wa geni pamsika, akhale ndi mipeni iwiri. Woyamba ukhale wabwino, wa zakudya zokha. Wachiwiri ukhale wotchipa, wa ntchito zoipa: kung'amba matumba, kudula zingwe, malegeni ndi makatoni, kupala penti, kusongola zikhomo. Umenewu ukabuntha, ukathyoka kapena ukasowa, mtima supweteka. Koma ganizoli lili ndi mchira wake, ndipo ndikupemphani muwerenge mpaka kumchirako. Mpeni wachiwiriwu uzikhala komwe kuli ntchito. Ku bawa, ku mpira ndi kuzionetsero ulibeko gawo.

Ndikudziwa ena mwayamba kale kuseka. Mitengo ya zinthu ikukwera tsiku ndi tsiku, ntchito zikusowa, ndiye mtolankhani wapeza kuti atithere bandulo ndi nkhani ya mipeni, eti? Sekani, koma umphawi suloweranso pa khomo lalikulu pokha. Umalowa pa tinthu timene timagula katatu pachaka chifukwa tidawononga tokha. Umalowa pa chala chimene chasokedwa kuchipatala, munthu n'kukhala sabata ziwiri osagwira ganyu. Umalowanso pa mlandu wa kupolisi umene ukadapeweka. Zitatu zonsezi mpeni umazifika.

Chimene chimapha mpeni

Tiyambe ndi chitsulocho. Mbali yakuthwa ya mpeni ndi yopyapyala kwambiri, kuposa pepala la m'kope. Tomato, anyezi ndi mnofu wa nyama siziivuta chifukwa n'zofewa. Chimene chimaipha ndi mchenga. Mchenga ndi wolimba kuposa chitsulo cha mipeni yambiri, n'chifukwa chake timanola mpeni pa mwala: mwala umadya chitsulo pang'onopang'ono mpaka pakamwa pakhale pakuthwa. Tsono mukamang'amba thumba la mbatata ya kachewere lochokera ku Tsangano, lodzala dothi, mchenga ukudyanso mpeni wanu, koma mosalongosoka. Thumba la simenti n'chimodzimodzi. Chingwe chimene chakhala chikukwekwereka pansi n'chimodzimodzi. Ngakhale katoni, amene amaoneka ngati pepala wamba, amabunthitsa mpeni msanga chifukwa cha guluu ndi tinthu tokhakhala timene tili mkati mwake.

Palinso waya ndi misomali. Matayala ambiri a galimoto, amene timadulako nsapato ndi zingwe, ali ndi waya mkati. Thabwa lakale limabisa msomali. Mpeni ukakumana ndi zimenezi umabenthuka. Nanga nsonga? Mpeni adaupanga kuti uzidula, ndiye mukaulowetsa pansi pa chivindikiro cha chitini cha penti n'kukanula, mwaupatsa ntchito ya chitsulo chochindikala. Yang'anani mipeni ya kukhitchini kwa anzanu muwerenge kuti ndi ingati imene idakali ndi nsonga.

Pali chinthu china chimene ambiri sitichiganizira. Mpeni wodula nthawi zambiri umapangidwa ndi chitsulo cholimba kwambiri kuti uzikhala wakuthwa nthawi yaitali. Koma chitsulo chikalimba kwambiri sichichedwanso kubenthuka chikagunda chinthu cholimba. Mpeni wotchipa chitsulo chake chimakhala chofewerako. Ukagunda waya umangopindika pang'ono pakamwa, ndipo mukaupititsa pa mwala kapena pa tupa kangapo, wabwerera. Ndiye pa ntchito zoipazi wotchipawo ndi umene uli pamalo pake, ngakhale mutakhala ndi ndalama zogulira wodula.

Amisiri zimenezi amazidziwa kalekale. Pitani kwa telala aliyense mumsika wa Limbe, mutenge sizasi yake yodulira nsalu n'kuyamba kudulira pepala. Mumva mawu amene simudawamvepo. Wa butchala amadula fupa ndi chikwanje, mnofu ndi mpeni, ndipo sasakaniza. Agogo athu kumudzi adali ndi nkhwangwa, sompho, chikwanje, chikwakwa, lumo ndi mpeni wa mphasa, chilichonse ndi ntchito yake. Ndi ife a m'tauni, amene tili ndi foni ya makamera atatu, amene tikufuna kampeni kamodzi kagwire ntchito ya zida zisanu ndi chimodzi.

Nkhani ya m'thumba

Mipeni yambiri ya m'mashopu imachokera kunja, choncho mtengo wake umayenda ndi dola. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Chilichonse chachitsulo chochokera kunja chidakwera, ndipo sichidatsikenso. Mpeni wabwino wa kukhitchini, ukamasamalidwa, umatha zaka zambiri, ena mpaka kusiyira ana. Womwewo mukamautuma ku simenti ndi ku waya, simutha nawo chaka. Mtengo wa kampeni kotchipa muziuona ngati ndalama yolondera mpeni wodulawo.

Ndiye pali kubwerekana. Ndife anthu obwerekana zinthu, ndipo palibe amene akufuna kutchuka pamudzi kuti amamana mpeni. Koma akuluakulu adati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Wobwereka sauza mwini wake kuti akukatani nawo. Amangoti, "Amayi akuti mutibwerekeko mpeni," ndipo umabwera utapindika, kapena subwera n'komwe. Kumaliro, ku chinkhoswe ndi ku ukwati, kumene amayi makumi awiri akudula kabichi ndipo abambo akusenda mbuzi kuseri, mipeni imasinthana eni popanda wakuba aliyense. Ndani angayambe kufunsa za mpeni pa siwa? Mukakhala ndi wachiwiri, mumapereka ndi mtima woyera, ubale n'kukhala bwino, mpeni wa ndiwo uli phee m'kabati.

Nkhani ya m'mimba

Ndalama tikhoza kuzipezanso. Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi chimene mpeni umanyamula pochoka pa ntchito ina kupita pa ina. Nyengo ya ulimi timaboola botolo la mankhwala ophera ntchemberezandonda kapena opha udzu. Nyengo yokolola timang'amba paketi ya mankhwala othira m'chimanga kuti anankafumbwe asalowe. M'nyumba mukavuta makoswe, wina amagula tameki pamsika n'kutsegula kapepala kake. Zonsezi n'ziphe, zina zoopsa zedi ngakhale pang'ono pokha. Timatsegula ndi chiyani? Ndi mpeni umene uli pafupi. Kenako timaupukuta pa buluku kapena pa tsamba la chimanga, basi watha.

Kupukuta pa buluku sikuchotsa mankhwala amene alowa pamene chitsulo chakumana ndi chigwiriro. Mpeni wopinda ndiye umaposa, chifukwa m'kamng'alu kolowamo chitsulo mumasonkhana chilichonse chimene wadula mwezi wonse. Mwana amene mukumusendera nzimbe ndi mpeni umenewo thupi lake ndi laling'ono, ndipo sangakuuzeni kuti nzimbeyo ikununkha mankhwala.

Tizilombo toyambitsa matenda timayendanso njira yomweyo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, pa malangizo ake asanu osamalira chakudya, limati zakudya zosaphika zisamakhudzane ndi zophika, ndipo mipeni ndi matabwa odulira zikhale zosiyana. Nkhuku yaiwisi imakhala ndi tizilombo timene moto umapha. Koma mukatumbula nkhuku, n'kutsukuluza mpeni m'beseni la madzi omwe aja, kenako n'kudulira kabichi ndi tomato wa saladi, tizilomboto tafika m'mbale osadutsa pamoto. A chiwaya ndi a kanyenya, ndikulankhula nanu. Mpeni wa nyama yaiwisi ukhale wina, wa saladi ukhale wina.

Sitidaiwale kolera wa 2022 ndi 2023, amene adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kolera amayenda m'madzi ndi m'chakudya chimene chakhudzana ndi zonyansa. Nthawi imeneyo tidaphunzira kusamba m'manja ndi sopo ndi kuthira kolorini m'madzi. Mpeni umene wadula chingwe pa ngalande, n'kukadulanso mavwende, ndi dzanja lina limene tidaiwala kusambitsa.

Wotchipa wake uti?

Apa pakufunika kusamala, chifukwa pali wotchipa wabwino ndi wotchipa wofuna kukudulani zala. Mitundu itatu ndi imene imapezeka mosavuta.

Woyamba ndi wosula konkuno. M'misika ikuluikulu ndi m'midzi muli amisiri osula amene amapanga mipeni kuchokera ku sipuling'i zakale za galimoto, ku tupa wakutha ndi ku sowo yodulira zitsulo. Chitsulo chimenechi chimagwira dzimbiri, inde, koma chimanoleka bwino ndipo chimapirira. Mukauumitsa n'kupaka kadontho ka mafuta mukatha ntchito, dzimbiri silivuta. Ubwino wina ndi wakuti ndalama yanu yatsala m'dziko momwe muno, ndipo chigwiriro chikaguluka mukudziwa kokafunsa. Kwa mlimi ndi mmisiri, ine ndikuti yambirani pamenepa.

Wachiwiri ndi wopinda, monga okapi. Mpeni umenewu uli ndi mbiri yaitali. Udayamba kupangidwa ku Solingen m'dziko la Germany mu 1902, cholinga chake kugulitsa kuno ku Africa, ndipo mu 1988 ntchito yopanga idasamukira ku Isithebe ku South Africa. Chidautchukitsa ndi kutchipa kwake komanso kachitsulo kokhoma kamene kamaletsa mpeni kupindika pamene ukugwira ntchito. Kachitsuloko ndiye nkhani yonse. Pamsika padzaza mipeni yopinda yonyezimira, ina yojambulidwa zinjoka, imene loko wake ndi wachibwana. Mukamakankha mwamphamvu pa chingwe cholimba, umapindikira pa zala zanu. Musanagule, utseguleni, muugwedeze uku ndi uku. Ukamagwedera, usiyeni pomwepo, ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo bwanji.

Wachitatu ndi kampeni kotsetsereka kodulira makatoni, kamene ena amati Stanley knife. Mtundu umene chitsulo chake chimathyoledwa chikabuntha adaupanga ku Japan mu 1956. Kwa wogwira ntchito m'shopu, m'golosale kapena wogulitsa kaunjika, kameneka n'kabwino chifukwa mumatulutsa kansonga kochepa chabe. Potsegula belo, mpeni wautali umapyola pulasitiki n'kung'amba jekete imene ikadabweza theka la mpamba. Koma musakanulire kanthu ndi kampeni kameneka. Chitsulo chake chimathyoka n'kuuluka, ndipo diso lilibe sipeya.

Mtundu uliwonse umene mwasankha, yang'anani chigwiriro. Chitsulo chizilowa mkati mwa chigwiriro mokwanira, ndipo timisomali togwira tikhale tolimba. Mpeni wosapinda muupangire chimake. Kachidutswa ka paipi yamadzi, ka chubu chakale kapena katoni wokulunga ndi tepi zikwanira. Kuponya mpeni wamaliseche m'chikwama n'kutchera msampha dzanja lanu lomwe.

Ndipo kutchipa si chifukwa chousiyira wobuntha. Mpeni wobuntha ndi umene umavulaza kwambiri, chifukwa umafuna mphamvu zambiri, ndipo ukaterereka umapita ndi mphamvu zonsezo. Dulani molozetsa kutali ndi thupi, dzanja linalo likhale kumbuyo kwa mpeni. Ukakuchekani mozama, makamaka ngati unali kudothi kapena kukhola, musathire mchere kapena mafuta a buleki. Tsukani ndi madzi oyera ndi sopo, mangani ndi nsalu yoyera, pitani kuchipatala ndipo funsani za jakisoni wa kafumbata. Ambiri timaganiza kuti kafumbata amachokera ku dzimbiri, koma tizilombo take timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo timakonda bala lozama.

Pali ntchito zina zimene ngakhale mpeni wotchipa usayandikire. Waya wa magetsi amene simudazimitse. Batire la foni limene lafufuma: mukaliboola likhoza kuyaka moto m'manja mwanu, ndiye pitani nalo kwa okonza mafoni. Thumba la PICS losungira chimanga, limene limagwira ntchito chifukwa mpweya sulowa m'mapulasitiki ake amkati: kabowo kamodzi, anankafumbwe apuma. Ngakhale thumba wamba losokedwa ndi makina silifuna kung'ambidwa pamimba. Dulani ulusi kunsonga n'kukoka, thumba litsale lamoyo. Lidzagwira ntchito pokolola.

Mchira uja

Tsopano tifike pa funso limene owerenga ena akhala nalo kuyambira pamutu. Kodi kuuza achinyamata kuti agule mipeni yowonjezera si kuthira petulo pamoto? Funsoli ndi lolemera ndipo sindilipeputsa. Tonse timawerenga nkhani za apolisi pa Facebook: anyamata awiri adakangana pamalo omwera mowa, nkhani yake chenji, kapena mkazi, kapena mpira, wina adasolola mpeni. Mmodzi ali kumanda, mnzake ali ku Maula kapena ku Chichiri. Ndewu yomweyo pakadapanda mpeni ikadathera pa mlomo wotupa ndi kupepesana mmawa.

Yankho langa ndi lakuti mipeni ili kale m'nyumba iliyonse. Chimene chimasiyanitsa ndi malo amene mpeni uli pa nthawi imene mtima wapsa. Ukakhala m'bokosi la zida kuntchito, m'chikwama cha kumunda kapena pansi pa tebulo la geni, munthu wokwiya ayenera kuyenda kukautenga, ndipo poyendapo mtima umazizira, anthu amaleretsa. Ukakhala m'thumba la jinzi, palibe mpata woganiza. N'chifukwa chake ndikuti mukaweruka, mpeni uweruke nawo, utsale. Mmisiri sapita ku bawa ndi hamala m'thumba. Mpeni usiyana pati?

Anzanga a kabaza anena kuti, "Aise, iwe sukudziwa zimene timakumana nazo usiku." Zoona, akabaza akhala akuvulazidwa ndi kuphedwa ndi anthu ofuna kulanda njinga zamoto, ndipo mantha awo ndi omveka. Koma taganizirani momwe zimachitikira. Wachiwembu amakhala kumbuyo kwanu ngati kasitomala, manja anu onse ali pa handulo, ndipo anzake akudikira kutsogolo. Kampeni ka m'thumba mukatulutsa nthawi yanji? Mukakatulutsa, akhoza kukulandani n'kukubayirani komweko. Chimene chimathandiza ndi kukana ulendo wokayikitsa usiku, kuuzana pa siteji kuti mwatenga ndani ndipo mukulowera kuti, ndi kutumiza lokeshoni pa gulu la WhatsApp. Mpeni wodulira malegeni omangira katundu ukhale pansi pa mpando limodzi ndi masipanala.

Lamulo nalo silisekerera. Malamulo a dziko lino amaletsa kuyenda pagulu ndi chida choopsa popanda chifukwa chomveka. Wapolisi akakupezani ndi mpeni masana, muli ndi ovolosi ndi chikwama cha zida, mukhoza kufotokoza. Akakupezani nawo m'sokosi pakati pausiku pa depoti, kapena pa geti la Bingu National Stadium tsiku la Maule ndi Manoma, mawu akuti "ndi wa kuntchito" samveka. Tidaonanso mu 2024 ndi 2025 anyamata onyamula zikwanje akubalalitsa ndi kuvulaza anthu ochita zionetsero mu Lilongwe. Chikwanje n'chida cha kumunda, koma lero munthu akangomva dzinalo amayamba waganiza za ndale. Tisalole kuti mpeni wa m'thumba utsatire njira yomweyo.

Amene mukukonzekera ulendo, mverani apa. Ku South Africa kuli lamulo la zida zoopsa la 2013, ndipo okapi kumeneko adatchuka ndi atsotsi, choncho wapolisi wa ku Johannesburg sauona ngati chodulira chingwe, makamaka m'thumba la mlendo. Ku England, kumene abale athu ambiri akugwira ntchito zosamalira okalamba, lamulo la 1988 limalola kuyenda popanda chifukwa ndi mpeni wopinda wokha, wopanda loko, umene chitsulo chake sichipyola mainchesi 3, ndiye kuti masentimita 7.62. Okapi ali ndi loko, ndiye sakulowa m'gulu limeneli. Chilango chake chikhoza kufika zaka zinayi m'ndende, ndipo kwa mlendo zimenezo zimakhudzanso chilolezo chokhalira m'dzikomo. Pabwalo la ndege, kaya pa Kamuzu kaya kwina, mpeni umene uli m'chikwama cholowa nacho m'ndege umatsala pa geti. Pamenepo bola utakhala wotchipa.

Za m'mavidiyo

Amene mumakonda YouTube ndi TikTok mwina mudaonapo mavidiyo a azungu akukhuthula za m'matumba mwawo pa tebulo: tochi, waleti, wotchi ndi mpeni wa madola mazana angapo. Choseketsa n'chakuti ambiri a iwo amaopa kuugwiritsa ntchito mpeni wodulawo kuti ungakandike, ndiye amayenda ndi wina wotchipa wodulira makatoni. Azungulira ulendo wautali, atataya ndalama zambiri, kuti afike pamene telala wa ku Limbe adafika kalekale. Ife tisatengere mbali yoyambayo. Mpeni wanu wabwino sukufunika kukhala wa madola. Ukufunika kukhala wakuthwa, woyera ndi wosatuluka m'khitchini.

Ndipo mipeni imene idatchuka padziko lonse idayamba ngati ya anthu wamba. Opinel wa ku France, amene Joseph Opinel adayamba kupanga mu 1890, udali mpeni wa alimi ndi abusa a ziweto a m'mapiri a Savoie, wa chigwiriro cha mtengo, wotchipa. Mora wa ku Sweden ndi mpeni wa akalipentala ndi amisiri, umene munthu sadandaula ukagwera m'simenti. Mayiko amenewa sadachite manyazi ndi mpeni wa munthu wosauka. Adaukonza bwino, n'kuupatsa dzina, lero akugulitsa kunja.

Apa ndi pamene ndikuona mwayi umene tikuutaya. Tili ndi osula aluso, tili ndi zitsulo zakutha m'magalaja onse, tili ndi TEVETA ndi makoleji a ntchito zamanja. Chikutiletsa n'chiyani kupanga mpeni wa ntchito wa Chimalawi, wa chigwiriro cholimba, wogulitsidwa limodzi ndi chimake, wokhala ndi chizindikiro cha wopanga kuti ukathyoka tidziwe womufunsa? Wachinyamata amene angayambe zimenezi, n'kumajambula ntchito yake bwino pa foni, ali ndi msika wa alimi, asodzi ndi amisiri dziko lonse. Panopa tikutumiza madola kunja kukagula timipeni ta zinjoka timene timapindikira pa zala.

Pomaliza, chochita chake n'chochepa. Mukapita kumsika sabata ino, gulani mpeni wa ntchito, muugwedeze musanalipire. Mukafika kunyumba, pakani penti yofiira pa chigwiriro kapena kulungani tepi, kuti aliyense, ngakhale mwana, adziwe kuti wofiirawo sukhudza chakudya. Uzani a m'nyumba kuti wobwereka azipatsidwa wofiirawo. Usungeni pamwamba pamene ana safika. Ndipo Lachisanu madzulo, anzanu akaimba kuti tikumane pamalo paja, fufuzani m'matumba musanatseke chitseko. Foni, makiyi ndi ya transipoti yobwerera zikukwanirani.